Sukulu Yopanda Mchira

Padangokhala, ndipo inu mukhale nane tonse, chifukwa nkhani iyi imawawa kuinena munthu uli wekha.

Kudali sukulu ya ana a nyama yotchedwa Pachulu. Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a kalasi yomaliza zikatuluka, sukulu zonse za m'dzikomo ankazindandalika kuyambira yokhoza bwino kufikira yolephereratu, ndipo Pachulu inkapezeka kumchira. Mwambo udali wakuti pa tsiku lotsekera makolo onse asonkhane, woyendera sukulu aziitana maina a ana okhoza mmodzimmodzi. Mwana woitanidwa ankapita ku sekondale, wosaitanidwa ankabwerera kwawo. Ku Pachulu mwambowu sunkachedwa kutha, moti makolo ena sankavutika n'komwe kukhala pansi.

Kalasi yomalizayo ankaphunzitsa ndi Mayi Nungu. Adakalambira pa ntchitoyo. Mwana akabwera wopanda cholembera, iwo ankazula munga umodzi pamsana pawo n'kumupatsa kuti aviike mu inki, ndipo pofika nthawi ya nkhani yathuyi mbali imodzi ya msana wawo idali itachita dazi. Mwa ana awo mudali mtsikana wa kwa Mfuko, dzina lake Ndaziona. Amene adamutcha dzinalo adali ndi nthabwala zoipa, pakuti mwanayo bolodi sankaliona. Pepala ankawerenga akaligunditsa pamphuno, ndipo zimene wawerenga sankaiwala, koma zolembedwa pabolodi zinkamudutsa, choncho pa mayeso a m'kalasi ankakhala wotsiriza. Amalume ake adanena poyera kuti dzina lake likapanda kuitanidwa, mwanayo alowa pansi kukakumba ndi anzake n'kukwatiwa komweko. Mayi Nungu ankadziwa kuti mfuko ikalowa pansi situlukanso, ndipo adatsimikiza mumtima kuti dzina la Ndaziona lidzamveka pabwalo.

Chaka china akuluakulu a kulikulu adatopa ndi manyazi, natuma akadzidzi atatu kuti achite kafukufuku. Akadzidziwo adayenda sukulu ndi sukulu, adafunsa, adalemba, ndipo zimene adapeza zidali zoona zokhazokha. Adati sukulu imayenda monga mutu wake uyendera. Mphunzitsi wamkulu asamangokhala mu ofesi, azilowa m'makalasi, adziwe mwana aliyense ndi dzina lake, azikhala pansi ndi aphunzitsi ake, ndipo diso lake likhale pa ana a kumchira, awakoke mpaka afike pamene pali anzawo. Buku lidatuluka lalikulu ngati mtondo. Akuluakulu buku lotere sawerenga, ndiye adalifupikitsa kukhala lamulo la mawu awiri okha, lakuti mchira uthe.

Mayi Nungu atamva adasangalala kwambiri, chifukwa akadzidzi adanena zimene iwo adakhala akunena zaka zonse popanda wowamvera. Kenaka kudabwera mphunzitsi wamkulu watsopano, Buluzi. Ine ulemu sindimupatsa, koma pasukulupo onse ankamuti aHedi. Adali wamng'ono thupi, wosalala pakamwa, wothamanga pa chilichonse. Pamsonkhano woyamba adawerenga lamulo lija mokweza, nayang'ana kumbuyo kwake, namwetulira.

"Nkhani za michira mwapeza mwini wake," adatero Buluzi.

Adayamba ndendende monga buku lidanenera. Ankalowa m'makalasi, ankakhala kumbuyo n'kumamvetsera, ankaitana ana ndi maina awo. Tsiku lina adapeza Mayi Nungu akulembera Ndaziona papepala zonse za pabolodi, anzake ataweruka. Adayamikira mpaka misozi idalengeza m'maso mwake, napempha kuti amulembere maina a ana onse a kumchira kuti awathandize mwapadera. Mayi Nungu adazula munga, nalemba maina khumi ndi dzanja lawo, la Ndaziona pamwamba. Adalembanso vuto la mwana aliyense pambali pa dzina lake, kuti aHedi asavutike kufufuza.

Tsiku lolembetsa mayeso litafika, ana khumi aja adatumidwa kukapalira munda wa sukulu. Buluzi adati ndi phunziro lapadera la ulimi. Pobwerako adapeza kaundula watsekedwa ndipo wapita kale kulikulu. Buluzi adaitana makolo awo mmodzimmodzi, nawauza mwachifundo kuti ana awo sadapse, kuwaphula tsopano n'kuwaononga, bwino abwereze kalasi. Makolo adathokoza. Mayi Nungu adalowa mu ofesi minga ili njo.

"AHedi, maina aja ndinakupatsani kuti muwathandize."

"Ndawathandiza, mayi. Alipo mwana amene walephera mayeso mwa iwo?"

"Sanalembe."

"Ndiye sanalephere. Khalani pansi, mukundigwetsera minga pamkeka."

Chaka chimenecho ana onse amene adalemba ku Pachulu adakhoza. Pa tsiku lotsekera kudabwera woyendera sukulu, Gulo, uja wa mutu wobiriwira. Gulo adali ndi khalidwe limodzi limene lidamukweza pa ntchito: ankagwedeza mutu movomera chilichonse chimene wamva. Buluzi adamulandira ndi nyimbo imene adapeka yekha. Wotsogolera ankafunsa kumene mchira wapita, ana onse n'kutembenuka kudziyang'ana kumbuyo, kenaka n'kuyankha akuomba m'manja kuti pasukulu pawo aliyense ndi mutu. Idali nyimbo yokoma, ndisaname, yolowa m'miyendo. Ana khumi aja adaimvera kumunda, makasu ali m'manja. Gulo adagwedeza mutu, naitana maina, nabwerera.

Chaka chachiwiri Mayi Nungu adachenjera. Buluzi atapempha maina, iwo adati kalasi mwawo mulibe mchira, monga nyimbo inenera. Tsiku lolembetsa adatseka chitseko, nalembetsa okha mwana aliyense, naperekeza kaundula mpaka panjira. Ndaziona adamukhazika kutsogolo, ndipo masana onse ankakhala naye, kumulembera ndi kumufunsa, mpaka mwanayo adayamba kuyankha mafunso amene ana a kumutu ankakanda nawo mitu.

Buluzi sadakwiye. Kutatsala masiku atatu kuti mayeso ayambe, adalowa m'kalasi ndi nkhope ya bambo wachikondi. Adati kuchipatala cha tsidya lija kwabwera dokotala wa maso ndi makutu, ndipo si bwino kuti mwana alowe m'mayeso asakuona bwino kapena asakumva bwino. Adafunsa kuti ndani bolodi limamuvuta, ndani mawu a aphunzitsi amamuthawa. Ana adaimika mikono, ndipo wina akazengereza Buluzi ankamuitana ndi dzina, pakuti mavuto awo adali nawo kale papepala lija. Ndaziona adadumphadumpha ndi chimwemwe atamva za magalasi. Mayi Nungu adawerengera ulendowo: tsiku limodzi kupita, limodzi kubwera, latsala limodzi lopuma. Adasowa pokanira. Angakanize bwanji mwana magalasi?

M'mawa mwake adaona woperekeza anawo. Adali Nkhono, mlonda wa pasukulupo. Buluzi adaimika ana pamzere nawakumbutsa mwambo, kuti mwana woleredwa bwino sapitirira wamkulu panjira, amayenda pambuyo pake. Ana a Mayi Nungu adali oleredwa bwino. Adabwerako patatha milungu itatu, mayeso atatha, magalasi alibe, chifukwa dokotala adamupeza atachoka. M'kaundula Buluzi adalemba kuti adadwala.

Onse olemba adakhozanso. Nyimbo ija idaimbidwanso, wotsogolera akufunsa za mchira, ana akudziyang'ana kumbuyo. Ulendo uno kudabwera ndi aphunzitsi aakulu a sukulu zina kudzaphunzira utsogoleri kwa Buluzi, ndipo adabwerera kwawo nyimboyo ili pakamwa, nzeru yake ili m'thumba. Gulo adagwedeza mutu mpaka khosi lidamupweteka.

Lamulo la m'dzikomo silinkalola mwana kukhala m'kalasi yomaliza kupitirira zaka zitatu. Amalume a Ndaziona adabwera kudzamutenga, akuti mwamuna wapezeka ndipo wayamba kale kukumba nyumba. Mayi Nungu adagwada, munthu wamkulu ngati uja, kupempha chaka chimodzi chokha. Amalumewo adavomera monyinyirika, nati likakhala dzina silimveka pabwalo chaka chino, asadzabwerenso kudzagwada.

Pamenepo Mayi Nungu adanyamuka ulendo wa kwa Gulo. Adamufotokozera zonse, za kumunda, za Nkhono, za ana osalemba mayeso amene tsopano adakwana makumi atatu ndipo adali kungozungulira pasukulu ngati nkhuku zopanda khola. Adati akadzidzi adanena kuti mchira ukokedwe, sadanene kuti udulidwe. Gulo adamvetsera akugwedeza mutu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mayi Nungu adabwerera mtima uli m'malo, akuti bwana wamva ndipo wavomera. Sadadziwe kuti madzulo a tsiku lomwelo Buluzi adakhala pampando womwewo, ndipo mutu womwewo udagwedezeka chimodzimodzi.

Patapita mlungu Buluzi adaitanitsa msonkhano wa aphunzitsi ndi makolo. Adalankhula modzichepetsa. Adati walakwa posazindikira msanga mphatso imene Mayi Nungu ali nayo pa ana ovutika, ndipo buku la akadzidzi limati mtsogoleri wabwino amakweza anzake. Choncho wapempha kulikulu kuti kuseri kwa Pachulu kutsegulidwe sukulu yatsopano, yoima payokha, ya ana makumi atatu aja, ndipo mphunzitsi wamkulu wake akhale Mayi Nungu. Makolo adalulutira. Mayi Nungu adamuyang'ana nthawi yaitali, kufunafuna pamene pali msampha.

"Ana amenewa alemba mayeso?"

"Onse, mayi. Mulembetsa ndinu, muperekeza ndinu. Ine sindikhudzako."

"Ndaziona alemba?"

"Mwayamba kufunsa ine? AHedi ndinu."

Mayi Nungu adavomera. Sukuluyo adaitcha Kuseri. Idalibe bolodi, chimene kwa Ndaziona sichidali chosowa. Idalibe mabuku, ndiye Mayi Nungu ankalemba okha tsamba ndi tsamba, nazula minga mpaka mbali yotsala ya msana idayeranso. Adachita zonse zimene akadzidzi adalemba, ngakhale buku lawo sadalionepo. Mwana wosamva bwino ankamulankhulira kukhutu. Wobwera ndi njala ankamugawira chinangwa chawo. Wojomba ankamulondola kwawo. Tsiku la mayeso adawatsogolera okha, nawawerenga pakhomo, makumi atatu osasowapo mmodzi. Ndaziona adamupatsa munga wotsiriza wowongoka umene udatsala, ndipo adamuona pawindo atagunditsa mphuno papepala, dzanja likuthamanga.

Tsiku lotsekera lidafika. Sukulu ziwirizo zidasonkhana pabwalo limodzi, makolo adadzaza, amalume a Ndaziona adakhala kumapeto atatsinzina chifukwa cha dzuwa. Gulo adabwera ndi mapepala awiri. Mayi Nungu, poti tsopano adali aHedi, adakhala kutsogolo pafupi naye, ndipo adaponya diso papepala la Kuseri. Mwa ana makumi atatu amene aliyense adawataya, makumi awiri ndi mmodzi adakhoza. Pamwamba padali dzina la Ndaziona, ndipo pambali pake padalembedwa kuti ndi wachitatu m'dziko lonse. Mayi Nungu adaliwerenganso kachiwiri. Chisangalalo chotere adali asadachimvepo chibadwire.

Gulo adaitana maina a Pachulu, onse okhoza. Ana adayamba nyimbo yawo. Gulo atatola pepala lachiwiri, Buluzi adaimirira, napempha mwaulemu kuti afunseko kanthu kakang'ono bwana asadapitirize.

"Bwana, pa mndandanda wa sukulu zonse chaka chino, ili kumchira ndi iti?"

Gulo adayang'ana. Sukulu zina zonse zidali zitaphunzira utsogoleri kwa Buluzi, ndipo kudalibe kumene mwana adalephera. Ku Kuseri kokha ndiko kudalephera ana asanu ndi anayi.

"Ndi Kuseri," adatero Gulo.

"Nanga akadzidzi anati sukulu ikalephera, vuto limakhala pati?"

"Pamutu."

"Nanga lamulo limati mchira utani, bwana?"

Gulo adagwedeza mutu. Mayi Nungu adaimirira nati ana awa ndi omwe aja sadaloledwe kulemba zaka ziwiri, ndipo makumi awiri ndi mmodzi akhoza, bwana angowerenga mainawo basi. Gulo adawagwedezeranso mutu. Buluzi adanena mofatsa kuti iye akumva chisoni kuposa aliyense, koma dziko lonse latsala pang'ono kukhala lopanda mchira, ndipo chatsala ndi kasukulu kamodzi. Kakafufutidwa, bwana adzakhala woyendera sukulu woyamba chiyambire kupereka kulikulu mndandanda wopanda wolephera. Apa mutu wa Gulo udagwedezeka mofulumira kuposa kale lonse. Adalengeza kuti sukulu ya Kuseri yafufutidwa m'kaundula kuyambira tsiku limene idatsegulidwa, mphunzitsi wamkulu wake wapumitsidwa ntchito, ndipo sukulu imene kulibe singakhale ndi maina oitana. Adapinda pepala lija kanayi nalilowetsa m'thumba.

Mayi Nungu adali munthu wofatsa moyo wawo wonse. Tsiku limenelo adadumpha. Akadakhala ndi minga bwenzi nkhaniyi itatha mwina, koma minga yonse idali m'manja mwa ana. Adangomugwira Buluzi mchira ndi manja awiri, nakuwa kuti anthu amve zimene nyamayi yachitira ana awo.

Mchira udaduka. Buluzi sadatembenuke n'komwe. Mchirawo udagwa pafumbi nuyamba kuphiriphitha, kudumpha, kudzipinda, ndipo bwalo lonse lidathamangira kudzaona. Ana a Pachulu adaseka nayambanso nyimbo yawo, wotsogolera akufunsa kumene mchira wapita, ndipo mchirawo unkavina motsatira kuomba kwa m'manja. Palibe amene adamva mawu a Mayi Nungu. Pamene mchira udaleka kugwedezeka, Buluzi adali patali, akuyenda pambali pa Gulo, atamunyamulira thumba. Zidamveka pambuyo pake kuti akuluakulu adamukweza kukhala mlangizi wa aphunzitsi aakulu onse, ndipo mchira wina udamera mwezi usadathe.

Anthu adabalalika. Makolo a ana a Kuseri adatenga ana awo mwakachetechete, ena akudandaula kuti mayi uja adawataitsa chaka. Mayi Nungu adatsala ataima pabwalo, manja ali lende, mtima ukuwawa ngati wathiridwa tsabola. Chidawapweteka koposa n'chakuti maina oyamba aja adalemba ndi iwo, ndi munga wawo.

Atacheuka adaona Ndaziona. Adali chikhalire pamalo pake, atakhala mwaulemu, manja pamaondo, munga uja ataugwira. Mwanayo sankaona patali, ndiye sadadziwe kuti bwalo latha. Adamva mapazi a aphunzitsi ake nadzutsa mutu.

"Madamu, phokoso lija linali la chiyani?"

"Palibe, mwanawe. Ana amasewera."

"Ndinakhoza?"

"Unakhoza. Ndaona ndi maso anga. Wachitatu m'dziko lonse."

Nkhope ya mwanayo idawala. Adakonza diresi lake, nakhala tsonga, natchera khutu kumene kudali Gulo.

"Ndiye ndikhale chete, angaitane ine ndisakumva."

Amalume aja adafika nayima pambali. Sadanyoze, sadakalipe. Adangofunsa ngati dzina lamveka, ndipo Mayi Nungu adapukusa mutu. Amalumewo adamugwira dzanja mwana wa mlongo wawo. Ndaziona adapempha kuti adikire pang'ono, bwana sadamalize, pepala lachiwiri likadalipo. Amalumewo adati adikirira kunyumba. Adapita naye, mwanayo akucheukacheuka, munga uli m'manja, ndipo tsiku lomwelo adalowa pansi.

Mpaka lero mukamayenda m'munda mudzaona timilu ta dothi latsopano, apa kamodzi, apo kena. Ndi Ndaziona ameneyo. Amakumba n'kufika pafupi ndi kunja, n'kukankha dothi pang'ono kuti khutu limve, n'kudikira. Akamva kuti sakuitana, amabwerera, n'kukayesanso pena.

Yathera pamenepo. Mbatata yanu ili pamotoyo phulani nokha, ine njala yandithera.